Zala zanga sizifika pa maliva a njinga ya mpikisano: ndigule ati?

Funso: Ndine mayi wamfupi, wa manja aang'ono, ndipo ndimakhala ku Zomba. Ndinagula njinga ya mpikisano yogwirako kale ntchito, ya handulo yopindika ngati nyanga za nkhosa. Pa maliva ake palembedwa Tiagra, kumbuyo ili ndi magiya 10, ndipo mabuleki ake ndi opana limu. Ndikagwira m'munsi mopindika muja, nsonga za zala zimangokhudza liva koma sizitha kuikoka. Ndikagwira pamwamba, potsika mtsetse wa Ku Chawe manja amatopa mpaka kuchita dzanzi. Liva ya kumanzere nayo imandilemera pokweza tcheni pa giya yaikulu. Kodi alipo maliva opangidwira manja aang'ono, nanga ndigule ati?

Yankho: Alipo, mayi, ndipo ndiwatchula ndi manambala ake omwe. Koma ndalama zanu zibadikira kaye, chifukwa zimene mwadandaulazi ndi mavuto atatu osiyana, ndipo si onse amene amathera pa liva. Loyamba ndi mpata wa pakati pa handulo ndi liva, umene zala zanu zikulephera kuwoloka. Lachiwiri ndi mphamvu imene buleki ikufuna kuti igwire, ndipo gwero lake kawirikawiri limakhala waya, malabala ndi limu. Lachitatu ndi kutalika kwa ulendo umene liva ya kumanzere imayenda cham'mbali tcheni lisanakwere. Mukagula maliva atsopano n'kuwamanga pamalo omwewo, pa handulo yomweyo, ndi waya wadzimbiri yemweyo, mudzapeza kuti mwachepetsa vuto limodzi, awiri enawo ali pomwepo.

Tiagra ndi mtundu wa zipangizo za njinga za kampani ya Shimano, ndipo choyamba dziwani yanu kuti ndi iti. Za magiya 10 zilipo ziwiri: 4600 ya mu 2011 ndi 4700 ya mu 2015. Pindani chipewa cha mphira chimene chimakuta mutu wa liva, muona nambala yodindidwa pa pulasitiki, ST-4600 kapena ST-4700. Ikakhala 4603 kapena 4703, ndiye kuti njingayo ili ndi magiya atatu kutsogolo. Ngakhale osapinda chipewa mutha kuzindikira: pa 4600 waya wa giya amatulukira m'mbali mwa liva n'kumalendewera kutsogolo ngati ndevu za mlamba, pomwe pa 4700 mawaya onse amabisala pansi pa tepi ya handulo. Kusiyana kumeneku n'kofunika pa chilichonse chimene chikutsatira.

Ngati ndi 4700, muli ndi mwayi. Pamwamba pa mutu wa liva, pansi pa chipewa chija cha kutsogolo, pali kabawuti kakang'ono kosunthira liva kufupi kapena kutali ndi handulo. Pa maliva a Shimano a mbadwo umenewu kamafuna alenikiyi ya mamilimita 2 kapena sikuludiraiva yaing'ono ya mlomo wophwatalala, malinga ndi mtundu wake. Zungulizani theka la kuzungulira, maso ali pa nsonga ya liva kuti muone kumene ikulowera, chifukwa mbali yozungulizira siifanana pa maliva onse. Kabawutika n'kosalimba. Kakafika pothera musakakakamize, kamabunthuka mutu msanga ndipo kupeza kena n'kovuta. Werengani kuzungulira kumene mwachita kumanja kuti kumanzere kufanane. Kabawuti kotereka kalinso pa mitundu ina ya Shimano, monga Claris R2000, Sora R3000, 105 kuyambira 5800 ndi Ultegra kuyambira 6800, choncho ena amene ali ndi njinga zoterezi ayambe afufuza pansi pa chipewa asanaganize zogula kanthu.

Ngati ndi 4600, kabawuti kameneko palibe. M'malo mwake Shimano inapanga timphira tolowetsa pa mpata umene umatseguka pamwamba mukakoka liva, timene timaletsa liva kubwerera mpaka kumapeto. Amatitcha shim, ndipo ta 4600 tilipo ta madigiri 4 ndi ta madigiri 8. Pa 105 ya 5700 ndi Ultegra ya 6700 timayezedwa ndi mamilimita, 5 ndi 10. Ka kumanja sikalowa kumanzere, ndipo ka mtundu wina sikakhala bwino pa mtundu unzake, ndiye poitanitsa tchulani nambala ya liva ndi mbali yake. Kuti muone phindu lake: pa malo amene chala chimagwira, masentimita 10 kuchokera pamene liva imazungulirira, madigiri 4 amaibweretsa pafupi ndi mamilimita 7, madigiri 8 ndi mamilimita 14. Kwa dzanja laling'ono mamilimita 14 ndi ambiri ndithu, ndiwo amasiyanitsa kukhudza liva ndi kuikolowola ndi chala. Timphirati tikasowa, kachidutswa ka mphira wolimba kokhuthala mamilimita 2 kapena 3, komatidwa ndi guluu wa nsapato pamalo omwewo, kamagwira ntchito yofanana. Pukutani mafuta onse musanamate, ndipo onetsetsani kuti sikakutsekereza liva kuyenda cham'mbali posintha giya. Kakamatuka panjira liva imangobwerera pamalo ake akale, buleki siiwonongeka.

Muyeso wake ndi uwu. Gwirani m'munsi mopindika, chikhatho chili pamene chimakhala mukamatsika mtsetse, ndipo tambasulani chala cha mkombaphala ndi chapakati osasuntha chikhatho. Mfundo yoyamba ya chala, ya kufupi ndi chikhadabo, iyenera kupitirira liva n'kuikolowola. Ikangogunda ndi nsonga, sizinakwane.

Tsopano pali msampha umene ambiri amagweramo. Mamilimita amene mwabweretsa liva pafupi mwawachotsa pa ulendo umene liva inali nawo isanagunde handulo. Buleki imene kale inkagwira liva ili pakati pa ulendo wake, tsopano igwira itatsala pang'ono kugunda tepi, ndipo pa mtsetse wautali, malabala akatentha ndi kudyeka, itha kufika pa handulo njinga isanaime. N'chifukwa chake kusuntha liva ndi kukonza buleki ndi ntchito imodzi, ya tsiku limodzi.

Yambani ndi kalipa, chitsulo chija chopana limu. Pambali pake pali kachogwirira kotsegulira buleki pochotsa wilo. Njinga zambiri zogulidwa kwa wina zimayenda katasiyidwa kotsegula, ndipo pamenepo liva imayenda ulendo wautali pachabe. Katsekeni. Kenako zungulizani wilo mukuyang'ana mpata wa pakati pa limu ndi labala. Limu likamavina uku ndi uku kuposa milimita imodzi, lipititseni kwa makaniko akaliwongole pomanga masipoko, chifukwa limu lokhota silimalola kuti malabala ayandikire. Likawongoka, kokani waya ndi kumanga bawuti yake kuti mbali iliyonse patsale mamilimita 1.5 mpaka 2, ndipo zotsalazo mumalizire ndi kanati kozunguliza ndi zala kali pamene waya amalowera mu kalipa. Labala lina likamafika pa limu linzake lisanafike, pamwamba pa kalipa pali kabawuti kolinganizira mbali ziwirizi. Labala likhale milimita imodzi pansi pa mlomo wa limu, lisakhudze tayala, lisalendewerenso pansi. Mukatha, finyani liva ndi mphamvu zanu zonse: pakati pa liva ndi tepi payenera kutsala mpata wolowa chala. Pakapanda kutsala, bwezani liva kunja pang'ono kapena mangitsaninso waya. Njingayo isatuluke pa geti muyeso umenewu usanakwane.

Komabe musamangitse waya mpaka buleki kumagwira mukangoikhudza. Dzanja lili ndi mphamvu zambiri zala zikapindika, osati zitatambasuka. Buleki yogwirira kutali kwenikweni imakakamiza dzanja laling'ono kugwira ntchito pamene lili lofooka. Malo abwino ndi pamene malabala afika pa limu zala zitapindika kale, koma mpata wa chala uja ukadalipo kumapeto. Ndi malire opapatiza, ndipo amafuna kuyesa kangapo.

Za kutopa kwa manja, wopalamula wamkulu ndi waya. Waya wa buleki ndi wa mamilimita 1.6 ndipo amayenda mu kapaipi ka mamilimita 5. Fumbi la m'chilimwe ndi madzi a m'dzinja zikalowa mu kapaipi, mphamvu yambiri ya dzanja imathera pa kukhulana m'katimo isanafike pa limu. Masulani waya pa kalipa, mumukoke ndi zala uku ndi uku. Akamakanirira kapena kumveka mchenga, sinthani waya ndi kapaipi zonse pamodzi, osati waya yekha. Sankhani waya wosachita dzimbiri ndi kapaipi kokhala ndi pulasitiki woterera m'kati. Podula kapaipi, mlomo wake upalidwe ndi tupa ukhale wosalala, chifukwa mlomo wopendekeka umafinyika nthawi iliyonse mukakoka ndipo buleki imamveka yofewa ngati siponji. Kapaipi kasatalike mpaka kupanga mapindiko osafunika, kasafupikenso mpaka kukoka buleki mukakhotetsa handulo. Kulinso timapaipi tosafinyika, monga Jagwire KEB-SL ndi Yokozuna Reaction, timene timabweza ulendo wina wa liva umene umatayika pa kufinyika. Kwa munthu amene wabweretsa liva pafupi, timeneti n'taphindu kuposa kwa wina aliyense. Chenjezo limodzi: kapaipi ka giya, ka mamilimita 4, sikaikidwa pa buleki ngakhale katakhala kolimba maonekedwe, chifukwa kamang'ambika mukafinya mwamphamvu.

Malabala akale amauma n'kuchita galasi pamwamba, ndipo timiyala ndi tizitsulo timalowamo. Apaleni ndi sandipepa, zulani tizitsuloto ndi nsonga ya singano, ndipo limu mulipukute ndi sipiliti. Mizere ya pa labala ikafafanizika, latha. Malabala abwino, monga a Kool-Stop ofiirira aja kapena a SwissStop, amachepetsa mphamvu imene dzanja liyenera kutulutsa, makamaka kukamagwa mvula, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa maliva. Yendetsaninso chala pa khoma la limu. Likakhala lakumbika ngati supuni, limulo latha ndipo lingathe kung'ambika, palibe labala limene lingalipulumutse.

Pali mfundo ina imene ingakudabwitseni. Pa mtsetse wonga wa Ku Chawe, kapena wa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, malo oyenera manja ndi m'munsi mopindika, kumene mukulephera kufikako. Mukagwira pamwamba pa zipewa, zala zimakoka liva pafupi ndi pamene imazungulirira, ndiye mphamvu yofunika imachuluka, monga mmene zimavutira kutsegula chitseko mukukankhira pafupi ndi mahinji. M'munsi mumakoka ku nsonga, ndipo chala chimodzi kapena ziwiri zimakwanira. Dzanzi limene mukumva likuchokera apa: mwakakamizika kutsika phiri lonse mukukoka pamalo ofooka. Vuto loyamba likatha, lachiwiri limachepa lokha. Ndipo musamagwire buleki mosalekeza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Finyani mwamphamvu musanafike pokhota, masulani, finyaninso. Manja amapuma, limu limazizira.

Tibwere ku handulo, imene ine ndimaiona kuti ndi theka la nkhani yonseyi ngakhale anthu saiganizira. Mpata wa chala sumapangidwa ndi liva yokha. Umapangidwa ndi liva pamodzi ndi kapindikidwe ka chitsulo chimene chili kumbuyo kwake. Mahandulo a zaka za m'ma 1990 ndi 2000 ambiri ali ndi chigawo chowongoka, chopendekera, pamalo ogwira m'munsi. Chigawo chimenecho chimakankhira chikhatho kumbuyo, kutali ndi liva, ndipo kwa dzanja laling'ono palibe handulo yoipa kuposa imeneyo. Mahandulo otchedwa compact amapindika mosalekeza, mothina pamwamba ndi momasuka m'munsi, kotero chikhatho chimatha kukwera mpaka kuseri kwenikweni kwa liva. Miyeso iwiri imalembedwa pa handulo: kutalika kolowera kutsogolo ndi kuya kotsikira pansi. Akale amafika mamilimita 90 kapena kuposa kutsogolo ndi 140 mpaka 150 kutsika. Inu funani ya 65 mpaka 80 kutsogolo ndi 115 mpaka 130 kutsika. Zitsanzo ndi Zipp Service Course 70, ya 70 ndi 128, FSA Omega Compact, ya 80 ndi 125, ndi Salsa Cowbell, ya 68 ndi 115, imene m'munsi mwake munatambasukira kunja madigiri 12.

M'lifupi namo muyeze. Njinga zambiri zimabwera ndi handulo ya masentimita 42, pomwe mayi wamfupi nthawi zambiri amayenera 38 kapena 36. Handulo ikatambalala kuposa mapewa, manja amapindikira kunja ndipo zala zimalozera kumbali m'malo molozera ku liva. Pemphani wina ayeze pakati pa timafupa tiwiri totumphuka pamwamba pa mapewa anu, ndipo handulo ikhale pafupi ndi muyeso umenewo. Makampani ena amayeza handulo kuchokera pakati pa paipi mpaka pakati, ena kuchokera kunja mpaka kunja, ndipo kusiyana kwake ndi masentimita awiri, choncho funsani. Musanagule yezaninso pamene handulo imapanidwa ndi khosi lake: za masiku ano ndi mamilimita 31.8, zakale ndi 26.0 kapena 25.4. Pamene liva imamangidwa ndi 23.8 pa mahandulo onse a mpikisano, ndiye apo palibe nkhawa.

Ngakhale pa handulo imene muli nayo, malo amene liva yamangidwa amasintha zambiri. Liva ikakwezedwa kwambiri, mutu wake n'kumaloza kumwamba, nsonga yake imathawira kutsogolo. Kuitsitsa kumabweza nsonga kufupi ndi pogwira pa m'munsi. Masulani tepi kuchokera pakati mpaka pa liva, pindani chipewa, masulani bawuti ya lamba wake ndi alenikiyi ya mamilimita 5, ndipo tsitsani liva mamilimita 5 okha. Yesani m'munsi ndi pamwamba pomwe musanapitirize, chifukwa mukatsitsa mopyola, pogwira pamwamba dzanja limagwera kutsogolo n'kumapweteka pa mfundo. Poyambira pabwino ndi kugoneka lula pansi pa chigawo cha m'munsi cha handulo: nsonga ya liva ikhudze lulayo kapena ikhale pamwamba pake pang'ono. Bawuti ya lamba imamangidwa pa 6 mpaka 8 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) malinga ndi Shimano, ndipo pa handulo ya kaboni musapyole nambala yolembedwa pa handuloyo. Kupendeketsa maliva pang'ono kulowera m'kati kumathandiza ena pogwira pamwamba, koma kukachuluka nsonga zimasiyana ndi mzere wa zala m'munsi. Bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga pa dziko lonse, la UCI, linaika malire a madigiri 10 kuyambira 2024, ngati muli ndi maganizo olowa mipikisano.

Tepi nayo imadya mpata. Ya mamilimita 3 kapena kuposa, yokhala ndi zofewetsa pansi, pamodzi ndi magolovesi okhuthala, imanenepetsa handulo moti chala chimathera pozungulira chitsulo. Ikani ya mamilimita 2 kapena kucheperapo, yokokedwa bwino, ndipo kuseri kwa liva isapiringizidwe kawirikawiri.

Mukapeza kuti pogwira pamwamba zikhatho zimabwerera kumbuyo, osakhala pa zipewa penipeni, ndiye kuti njinga yakutalikirani. Khosi la handulo lifupikitseni ndi mamilimita 10 kapena 20. Likafupika kuposa mamilimita 70, njinga imayamba kuchita phuma pokhota. Chishalo musachisunthire kutsogolo pofuna kufikira handulo, kutero kumangowonjezera kulemera pa manja.

Liva ya kumanzere ili ndi nkhani yakeyake. Pa Shimano, kuyambira pamene anayambitsa maliva ophatikiza buleki ndi giya mu 1990, liva yonse ya buleki ndiyo imakankhidwira m'kati pokweza tcheni, ndipo ulendo wake ndi wautali kwa zala zazifupi. Waya watsopano wa giya, wa mamilimita 1.2, amapeputsa kwambiri. Tsukani ndi kuthira oyilo m'malo olumikizira a derailleur ya kutsogolo, chitsulo chija chosamutsa tcheni pa magiya, komanso kapulasitiki kamene waya amadutsapo pansi pa felemu, kumene matope amaunjikana. Waya akakhala wolendewera, gawo loyamba la ulendo wa liva limapita pachabe, ndiye mumangitseni tcheni lili pa giya yaing'ono. Kabawuti kolembedwa H kakamangitsa, derailleur imagunda malire tcheni lisanakwere bwino, ndipo inu mumakankha ndi mphamvu zimene sizikupita kulikonse: kamasuleni kotala la kuzungulira, muyese, koma osapitirira mpaka tcheni kugwera kunja. Posintha, palasani mopepuka koma mwachangu, ndipo kankhani ndi zala ziwiri kapena zitatu mukutembenuza dzanja lonse, osati chala chimodzi. Maliva okhalitsa amauma girisi m'kati mpaka kumakana kugwira giya. Kupoperamo mafuta osungunulira girisi kenako kuthiramo oyilo wopepuka kumawadzutsa.

Zonsezi zikachitika koma zala n'kumaperewerabe, apo ndiye tikambe zogula. Ena mwa maliva amene Shimano inapangira manja aang'ono ndi ST-4725 ya Tiagra ya magiya 10, ST-R7025 ya 105 ndi ST-R8025 ya Ultegra, ziwirizi za magiya 11. Onsewa ndi a mabuleki a disiki oyendera mafuta, ndipo pa felemu yanu ya mabuleki opana limu sangagwire ntchito. Wina akakuuzani kuti mugule 4725 poti ndi Tiagra ya magiya 10 ngati yanu, mukaneni. Ya mabuleki a waya inalipo ST-R700 ya magiya 10 ndi ST-R600 ya magiya 9. Anasiya kuzipanga, choncho mungapeze zogwirako kale ntchito zokha. R700 imakoka waya wa giya ya kumbuyo mofanana ndi 4600, choncho ingalowe pa njinga ya 4600 popanda kusintha derailleur ya kumbuyo. Pa njinga ya 4700 siingagwirizane.

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye ndibwereze momveka. Tiagra 4700 ili ndi magiya 10, koma imakoka waya mwa muyeso wa magiya 11. Mukaika maliva a 4700 pa derailleur ya 4600, magiya azidumphadumpha ngakhale makaniko atakhala katswiri chotani. Wofuna kuchoka pa 4600 kupita pa 4700 agule maliva ndi maderailleur onse awiri, pomwe kaseti (mulu wa magiya a kumbuyo) ndi tcheni za magiya 10 zingathe kukhala zomwezo. Kwa inu, ngati muli ndi 4600, kusinthaku ndikuona kuti ndiko koyenera kuposa kusakasaka R700 yakale: mutu wa 4700 ndi wowonda mogwirika, uli ndi kabawuti kosunthira kaja, ndipo derailleur yake ya kutsogolo ili ndi mkono wautali umene umapeputsa kukweza tcheni. Onaninso makalipa. Maliva a Shimano a mbadwo woyambira pa Dura-Ace 7900 amakoka waya wa buleki wochulukirapo kuposa akale. Liva yatsopano pa kalipa wakale imamveka yolimba koma buleki imafooka, pomwe liva yakale pa kalipa watsopano imagwira mwamphamvu koma imayenda ulendo wautali mpaka kuyandikira handulo. Zonse ziwirizi n'zoipa kwa dzanja laling'ono, choncho liva ndi kalipa zikhale za mbadwo umodzi.

Kampani ina ya zipangizo za njinga, SRAM, ndi yoyenera kuiganizira kwa amene akumanga njinga kuyambira pachiyambi. Pa maliva ake a DoubleTap, amene anatuluka mu 2006, liva ya buleki siiyenda cham'mbali. Kachopalasira kamodzi kali kumbuyo kwake ndiko kamasintha magiya, ndipo pa mitundu yambiri kameneka ndi liva ya buleki zimasunthidwira kufupi ndi handulo payokhapayokha. Mumayamba kusuntha ka giya, kenako ya buleki, kupanda kutero ziwirizi zimakolana. Koma SRAM siigwirizana ndi maderailleur a kumbuyo a Shimano, ndiye mtengo umakwera. Liva ya kampani ya Campagnolo ili ndi mutu wowonda umene manja aang'ono amaukonda, koma kabatani ka chala chachikulu pa mitundu ina kamakhala pamwamba moti kuchokera m'munsi sikafikirika, ndipo zipangizo zake kuno n'zosowa. Vuto lomweli la kabatani lili pa Sora zakale za 3300 ndi 3400, choncho wa manja aang'ono azipewe.

Magiya amagetsi, Di2 ya Shimano kapena AXS ya SRAM, amachotseratu vuto lachitatu lija, poti kusintha giya ndi kungodina batani, ndipo mutha kuwonjezera timabatani tina pamene chala chimafika. Mabuleki a mafuta nawo amafuna mphamvu yochepa kuposa a waya. Pa SRAM, mutu wa Rival AXS ya 2021 unachepetsedwa poyerekeza ndi Force ndi Red za nthawiyo, ndipo Force ya 2023 inatengera kapangidwe komweko. Izi ndi za tsiku limene mudzafune njinga ina, osati zokonzera imene muli nayoyi.

Njira yotsika mtengo, imene ndimailemekeza kwambiri m'malo amene zipangizo zimavuta kupeza, ndi kulekanitsa buleki ndi giya. Tektro RL341 ndi Cane Creek SCR-5C ndi maliva a buleki okhaokha opangidwira manja aang'ono, opanda makina a giya m'kati, kotero mutu wake ndi wowonda. Magiya mumasinthira ku nsonga za handulo ndi timaliva tolowetsa m'mabowo a kumapeto, monga Shimano SL-BS79 ya magiya 10, imene imagwirizana ndi 4600. Ka kumanzere kamakokedwa ndi dzanja lonse, ndiye kulemera kwa giya yaikulu kumatheratu. Kuipa kwake n'kwakuti dzanja limachoka pa buleki posintha giya, ndipo zimatenga masabata angapo kuzolowera.

Palinso timaliva tothandizira tomangidwa pa chigawo chowongoka cha pamwamba pa handulo, pafupi ndi khosi. Timadula kapaipi ka buleki pakati, waya n'kudutsa momwemo, kotero maliva aakulu amagwirabe ntchito. Tektro RL721 ndi ya handulo ya 31.8, RL726 ya 26.0. M'tauni, pakati pa maminibasi ndi akabaza, n'tothandiza kwambiri. Pa mtsetse wothamanga musatidalire, chifukwa manja amakhala moyandikana ndipo njinga imavuta kuilamulira.

Chomaliza choti muone ndi mbali ya buleki ya kutsogolo, imene imagwira ntchito yaikulu poimitsa njinga. Njinga zochokera ku Britain zimabwera buleki ya kutsogolo ili kudzanja lamanja, zochokera ku America ndi maiko ambiri a ku Europe ili kumanzere. Pa mabuleki a waya kusinthanitsa n'kosavuta, ndipo nthawi yabwino ndi pamene tepi yamasulidwa kale ndi mawaya akusinthidwa. Ngati dzanja lanu lamphamvu ndi lamanja, kuika buleki ya kutsogolo kumeneko kumathandiza, bola mukayesere kaye pa bwalo lathyathyathya mpaka dzanja lizolowere. Tepi yatsopano musaikulunge tsiku lomwelo. Gwirizani mawaya ndi tepi yakuda ya magetsi, yendani mtunda waufupi pa msewu wopanda magalimoto ambiri, imani mwadzidzidzi kasanu muli m'munsi ndi kasanu muli pamwamba, alenikiyi ili m'thumba kuti musunthe liva pomwepo ngati pakufunika. Malo akakhazikika, jambulani mzere pa handulo m'mphepete mwa lamba wa liva mbali zonse ziwiri, mangani pa muyeso wake, kenako kulungani tepi. Waya watsopano amakhazikika m'masiku oyamba ndipo liva imayandikira yokha, choncho pakatha sabata finyaninso mwamphamvu muone ngati mpata wa chala uja ukadalipo musanakwere Ku Chawe.